Kuchokera pa thangata mpaka ku Mgona: mbiri ya pogona pa othawa kwawo

M'bandakucha wa pa 17 Meyi 2023, apolisi mothandizidwa ndi asilikali adalowa m'makwalala a ku Mgona, ku Area 25 ndi madera ena a mzinda wa Lilongwe, kugogoda khomo ndi khomo. Ankasaka anthu othawa kwawo, makamaka a ku Burundi, Rwanda ndi Congo, omwe ankakhala m'tauni m'malo mokhala kumsasa wa Dzaleka. Abambo, amayi ndi ana omwe adakwezedwa m'malole n'kukatsekeredwa kundende ya Maula, ndipo patapita masiku adawatumiza kumsasawo ku Dowa. Nyuzipepala ndi mawayilesi zidakamba zambiri za anthu ogwidwawo komanso za makontena a katundu omwe apolisi adalanda. Yomwe sidamveke kwenikweni ndi nkhani ya nyumba zomwe anthuwa adasiya m'mbuyo: zipinda zalendi zolipiriratu, mabedi, mbaula, makina osokera, mabuku a ana asukulu.

Ena mwa iwo adali atakhala m'nyumbazo zaka zoposa khumi. Lendi ankalipira, kumaliro ankapita, chopereka cha m'dera ankasonkha. Komabe m'mawa umodzi wokha udakwanira kuwazula. Izi sizidayambe mu 2023. Kwa zaka zoposa 100, munthu wothawira m'dziko muno wakhala akupeza pogona ndithu, koma pogonapo nthawi zonse pamakhala m'manja mwa wina: mzungu wa esiteti, nyakwawa, boma, kenako landilodi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, Alomwe zikwizikwi ochokera ku Mozambique adawoloka mtsinje wa Ruo ndi kudutsa m'mbali mwa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa, kuthawa msonkho, chikoti ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Adafika malo achonde a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba atagwa kale m'manja mwa azungu a maesiteti. Azunguwo ankasowa antchito, choncho alendowa adalandiridwa ndi manja awiri. Munthu ankaloledwa kumanga kanyumba ndi kulima kamunda, koma lendi yake idali thukuta: mwezi umodzi kapena iwiri ya ntchito pachaka, yomwe makapitawo ankaitalikitsa mmene afunira, ndiponso m'dzinja pamene munda wa mwini wake ukufuna khasu. Imeneyo ndiyo thangata. Mnyanja kapena Myao akatopa nayo ankatha kusamukira kwa abale ake kunja kwa esiteti. Mlomwe wongofika kumene adalibe kolowera, ndipo eni maesiteti ankadziwa zimenezo.

Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, nkhanza za thangata zidali m'gulu la zifukwa zomwe zidautsa nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915. Ngakhale lamulo la mu 1928, lomwe lidalola anthu kulipira lendi ndi ndalama, lidapatsanso mwini esiteti mphamvu yothamangitsa mabanja ofika limodzi pa khumi alionse pakatha zaka zisanu, popanda kupereka chifukwa. Thangata idathetsedwa mu 1962. Lero zidzukulu za othawa kwawo amenewo ndi Amalawi osakayikitsa, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti Alomwe ndiwo mtundu wachiwiri kukula m'dziko muno.

Chigumula chachikulu cha anthu chidabwera ndi nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique. Kuyambira mu 1986, anthu a ku Tete, Zambezia, Sofala ndi Niassa adakhamukira m'Malawi ali ndi mitolo pamutu, ena atavala masaka. Pofika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 adapitirira 1 miliyoni, m'dziko lomwe kalembera wa 1987 adapeza kuti muli anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni boma, ndipo msasa wa Mankhokwe udasanduka ngati tauni. Koma chodabwitsa cha nthawi imeneyo n'chakuti anthu ambiri, makamaka ku Ntcheu ndi ku Dedza, sadakhale m'misasa. Kumeneko msewu wa M1 ndiwo malire; munthu wa ku Angonia akangodumpha phula pa Lizulu wafika kale kwa azakhali ake. Angoni adapeza Angoni anzawo, Asena adapeza Asena, Achewa adapeza Achewa, chilankhulo chimodzi, mfunda umodzi. Nyakwawa inkaloza malo kumapeto kwa mudzi, achibale n'kuthandiza kudula mitengo ndi kumweta udzu, nyumba n'kuimirira. Panalibe pepala, panalibe lendi.

Mtolowo sudali wopepuka. Mapiri adayera chifukwa cha nkhuni, zitsime zidachepa, misewu idakumbika ndi malole onyamula chimanga cha thandizo. Amalawi a m'maboma amenewo adasenza zonsezi ali osauka kale, ndipo ulemu umenewo ndi wawo. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, alendowo adayamba kubwerera, ndipo pofika 1995 pafupifupi onse adali atapita. Nyumba zawo zidagwa, malo n'kubwerera kwa eni ake.

Pamenepa m'pamene padagona gwero la vuto la lero. Malamulo a Malawi okhudza othawa kwawo adalembedwa m'kati mwa nkhondo imeneyo, boma litathedwa nzeru ndi khamu lija. Mu Disembala 1987 dziko lino lidalowa m'pangano la United Nations la mu 1951 loteteza othawa kwawo, koma lidakana kumangidwa kwathunthu ndi ndime zisanu ndi zinayi za panganolo. Zina mwa ndimezo ndi zokhudza kukhala ndi malo kapena nyumba, kulembedwa ntchito, maphunziro, kusankha kokhala ndi kupatsidwa unzika. Lamulo la othawa kwawo la mu 1989 lidabwera pamwamba pa maziko omwewo. Olemba ake adaganiza monga mwa mwambi uja wakuti mlendo ndi mame, ndipo pa anthu a ku Mozambique zidaterodi. Koma alendo otsatira adachokera kutali, kumaiko omwe nkhondo zake sizidathe msanga, ndipo ena akhala kuno zaka 30, kubereka ana, anawo n'kuberekanso.

Mu Okutobala 1993 Pulezidenti Melchior Ndadaye wa ku Burundi adaphedwa, dzikolo n'kulowa m'nkhondo yapachiweniweni. Mu Epulo 1994 kudayamba kupululidwa kwa anthu ku Rwanda. Chaka chomwecho boma la Malawi ndi bungwe la United Nations loona za othawa kwawo la UNHCR adatsegula msasa wa Dzaleka ku Dowa, mtunda wa makilomita oposa pang'ono 40 kuchokera ku Lilongwe. Malowo adali ndi mbiri yake kale. M'nthawi ya Kamuzu Banda padali ndende ya anthu oganiziridwa kuukira boma, ndipo m'zaka za m'ma 1970 padatsekeredwa a Mboni za Yehova ambirimbiri. Anzawo a Mbonizo adali atathawira ku Sinda Misale ku Zambia mu 1972, ena ku Mozambique: Amalawi othawa kwawo, ogona m'misasa ya eni. Dzaleka adakonzedwa kuti musamapitirire anthu 10,000 kapena 12,000. Nkhondo za ku Congo za mu 1996 ndi 1998, ndi ziwawa zosatha za ku Kivu, zidadzaza msasawo mpaka pofika 2023 mudali anthu oposa 50,000.

Munthu wathanzi lake, wodziwa kusoka, kumeta, kuphunzitsa kapena kuchita malonda, sangakhale zaka ndi zaka pamzere wa chakudya chathandizo. Ndiye pang'onopang'ono anthu adayamba kutuluka, kulowera ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'matauni ang'onoang'ono ngati Mponela ndi Mchinji. Ochepa adali ndi chilolezo cha boma, monga odwala ofuna chipatala chachikulu, ophunzira ndi ena a ntchito zosowa ngati zachipatala. Ambiri adangopita, boma likuona koma osalankhula.

Mzinda womwe adalowamo udali ndi vuto lake la nyumba. Lilongwe adakhala likulu mu 1975, atamangidwa ndi bungwe la Capital City Development Corporation lomwe lidakhazikitsidwa mu 1968, mothandizidwa ndi ngongole yochokera ku South Africa. Mapulani ake adagawa anthu potengera matumba awo. Kumayadi ngati Area 10 ndi Area 43 kudali kwa mabwana. Nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe la mu 1964, monga za ku Area 18, zidapita kwa ogwira ntchito m'boma. Anthu wamba adapatsidwa mapuloti ku Kawale, Chilinde, Area 25 ndi kwina kuti adzimangire okha. Mapulotiwo sadakwanire. Mu 1977 mzindawu udali ndi anthu osakwana 100,000. Mu 2018 adali 989,318. Otsalawo adakagula malo kwa mafumu ku Mtandire, Chinsapo, Kauma, Senti ndi ku Mgona kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, ndipo lero anthu ochuluka a mumzindawu akukhala m'madera otere, opanda mapulani.

M'madera amenewa mudabadwa mwambo wa lendi womwe aliyense wokhala m'tauni akuudziwa. Mwini puloti amamanga mdadada wa zipinda kuseri kwa nyumba yake, bafa limodzi, chimbudzi chimodzi, madzi okatunga pakiyosiki, mayunitsi a magetsi osonkherana. Pangano limakhala lapakamwa. Wolowa amalipiriratu miyezi iwiri kapena itatu, kuphatikizapo kangachepe ka ejenti yemwe wamulozera nyumbayo. Lendi imakwera tsiku lomwe landilodi wafuna, mwina chifukwa feteleza wakwera, mwina chifukwa wapezeka wina wolonjeza zambiri. Wolephera kulipira amapeza chitseko chazulidwa kapena katundu ali panja. Mmalawi wochita lendi ku Mtandire alibe chitetezo chokwanira, ndipo aliyense wofuna kumvetsa vuto la wothawa kwawo ayambire pomwepo. Komabe Mmalawiyo ali ndi kothawira. Akhoza kukadandaula kwa mfumu ya m'deralo, kupolisi, ngakhale kukhoti la majisitireti, ndipo zikavuta kwambiri ali ndi mudzi wobwererako.

Wothawa kwawo wopanda chilolezo alibe zonsezo. Kukadandaula kupolisi n'kudzipereka yekha, chifukwa funso loyamba likhala lakuti akutani kunja kwa Dzaleka. Landilodi wosaopa Mulungu amadziwa zimenezi, ndiye amamutchajira mtengo wachilendo, amakana kubweza ndalama zolipiriratu, kapena amangotchula dzina la Immigration mkangano n'kuthera pomwepo. Chiphaso cha unzika chitabwera mu 2017, n'kuyamba kufunika polembetsa nambala ya foni ndi kubanki, mpata udachepanso. Ambiri adayamba kuchita zonse m'dzina la wina: nyumba yalendi m'dzina la mnzake wa kutchalitchi, golosale m'dzina la mkazi wake wachimalawi, minibasi m'dzina la dalaivala. Amene adapeza ndalama zogulira puloti adalembetsa dzina la Mmalawi, podziwa kuti tsiku lomwe ubwenziwo udzathe, nyumbayo yapita. Kusintha kwa lamulo la malo mu 2022, komwe kudaletsa kugulitsa malo kwa anthu omwe si nzika, kudatsekeratu khomo lomwe lidali lotsekeka kale.

Sikuti eni nyumba onse adali ankhanza ayi. Alipo ambiri omwe adakhala ndi alendowa ngati abale, ana awo kukulira pabwalo limodzi, kuyankhula Chichewa chimodzi cha mu Lilongwe. Ndipo lendi ya anthu omwe onse ankangotchedwa Maburundi, kaya achokera ku Bujumbura, ku Kigali kapena ku Uvira, idaphunzitsa ana a amayi amasiye ambiri okhala ndi mdadada kuseri kwa nyumba. Ku Mgona, komwe kudatchuka ndi malonda a mtedza, soya ndi nyemba, alendowa ankachita lendi mashopu ndi mosungira katundu, n'kulemba ganyu achinyamata osankha ndi kunyamula matumba.

Boma lili ndi mfundo zake, ndipo si zonse zopanda pake. Ochita malonda ang'onoang'ono akhala akudandaula kuti alendo akuwalanda msika pogulitsa motchipa ndi kukagula mbewu kumidzi. Nkhani ya chitetezo nayo ilipo: Vincent Murekezi, yemwe adakhala zaka zambiri ku Lilongwe ngati wamalonda, adatumizidwa ku Rwanda mu Januwale 2019 komwe ankafunidwa pa milandu ya kupulula anthu. Ndipo mu 2008 khoti lalikulu lidagamula kuti boma lili ndi mphamvu yolamula othawa kwawo kukhala kumsasa. Koma woganiziridwa mlandu amasakidwa ndi dzina lake, wozemba msonkho amatsatidwa ndi a msonkho. Kuzula mabanja onse pamodzi, telala ndi mwana wa Sitandade 5 yemwe, chifukwa cha zolakwa za ochepa, n'kulanga anthu osalakwa. Ndime 39 ya malamulo aakulu a dziko lino imapereka ufulu woyenda ndi kusankha kokhala kwa munthu aliyense, osati kwa nzika zokha.

Mu Epulo 2021 unduna wa zachitetezo cha m'dziko, pansi pa Richard Chimwendo Banda, udapereka masiku 14 kuti onse abwerere ku Dzaleka pofika pa 28 Epulo. Othawa kwawo ena adakatenga chiletso kukhoti, chomwe chidachotsedwa mu Ogasiti 2022. Masiku omaliza adasunthidwa kangapo, mpaka pa 27 Malichi 2023 pamene undunawo, panthawiyo uli m'manja mwa Ken Zikhale Ng'oma, udalengeza kuti malire ndi pa 15 Epulo. UNHCR inkayerekeza kuti anthu okhala kunja kwa msasa adalipo pafupifupi 8,000. Zaka ziwiri zonsezo anthuwa adakhala ndi zikwama zomangiratu, osadziwa ngati alipire lendi ya mwezi wotsatira kapena fizi ya teremu yotsatira. Kenako malole adabwera, kuyambira ku Lilongwe n'kufalikira m'maboma ena. Bungwe la Malawi Human Rights Commission, mabungwe omenyera ufulu ngati Inua Advocacy komanso Human Rights Watch adadzudzula kutsekera ana m'ndende ya akuluakulu ndi kuwonongeka kwa katundu. Mabanja a Mmalawi ndi mlendo adang'ambika pakati. Pakutha pa chakacho anthu oposa 2,000 adali atabwezedwa kumsasa. Ena adabisala, ena adawoloka malire kulowera kwina.

Ku Dzaleka kudalibe nyumba zowadikira. Zigawo za msasawu zili ndi maina ngati Kawale, Likuni, Zomba, Blantyre ndi Karonga, ndipo nyumba zake n'zazidina zomwe othawa kwawo amaumba okha, zothithikana mpaka tinjira take n'tongokwana munthu mmodzi ndi ngalande ya madzi oipa. Ngakhale m'menemo nyumba zimagulitsidwa ndi kuchititsidwa lendi mwakachetechete, pamalo omwe wogula ndi wogulitsa onse alibe umwini. Amene adachoka zaka zambiri zapitazo adapeza malo awo muli ena. Obwezedwawo adaunjikidwa m'matenti ndi m'malo olandirira alendo atsopano, mabanja angapo pamodzi, m'nyengo yozizira ya ku Dowa. Ndipo mu Julayi 2023 bungwe la World Food Programme lidadula thandizo la chakudya ndi theka chifukwa chosowa ndalama. Anthu omwe ankadzidyetsa okha ndi kulipira lendi kwa Amalawi adasandutsidwa odikira thandizo lomwe silikukwana.

Amalawi sangamve zimenezi ngati nkhani ya kutali. Mabanja ambiri a ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay ali ndi mwana yemwe akuchita lendi kachisakasa kamalata ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, wopanda mapepala, woopa kudandaula. Mu 2008 ndi mu 2015, ziwawa zodana ndi alendo zitabuka ku South Africa, boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake omwe adasiya zonse m'nyumba zalendi.

Njira zina zilipo, ndipo sizili patali. Kuyambira 2009 UNHCR idavomereza kuti mzinda ndi malo oyenera kukhalamo wothawa kwawo, popeza padziko lonse ambiri a iwo ali m'matauni osati m'misasa. Zambia, yomwe ili ndi misasa yakale ya Mayukwayukwa ndi Meheba, imapereka zilolezo zokhalira m'tauni, ndipo idapatsa anthu a ku Angola omwe adakhalitsa kumeneko mapepala okhazikika ndi malo olima. Malawi yemwe adalonjeza ku Geneva mu Disembala 2019 kuti aunikanso malamulo ake ndi kulola othawa kwawo kudzidalira, ndipo mu 2024 bungwe la Law Commission lidayamba kuunika lamulo la mu 1989. Maganizo otsegula msasa wina ku Kayilizi m'boma la Chitipa angachepetse kuthithikana ku Dzaleka, koma sayankha funso la telala yemwe makasitomala ake ali ku Area 25.

Aphungu a Nyumba ya Malamulo akadzalandira lamulo latsopanolo, ayang'ane ngati muli chilolezo chokhalira m'tauni chomwe munthu wofufuzidwa bwino angapatsidwe m'dzina lake lenileni, n'kuchita nacho lendi, kutsegula bizinesi ndi kukhoma msonkho. Makhonsolo a mizinda nawo akhazikitse pangano lalendi lolembedwa, lalifupi, la m'Chichewa, lotchula mtengo, nthawi ya notisi ndi kabwezedwe ka ndalama zolipiriratu, loti ligwire ntchito kwa wina aliyense wokhala m'nyumba ya mwini ku Mgona, ku Ndirande kapena ku Chibavi, Mmalawi ndi mlendo yemwe.